Mawu Amene Anatsala M'kompyuta ya Juliana

Juliana Namakhwa ndinadziwana naye chifukwa cha soketi ya magetsi. Nyumba imene timachita lendi m'tauni ya Zomba, kuseri kwa msika, ili ndi chipinda chimodzi ndi khonde lalikulu. Ine ndimasoka pakhondepo, iye amakonza mafoni m'chipindamo, ndipo nthawi imeneyo soketi inalipo imodzi yokha. Tsiku limene anafika anazula waya wa ayironi yanga n'kulumikizapo wake, osapempha n'komwe. Ndinamuuza mawu angapo amene sindingawalembe pano. Iye anangondiyang'ana n'kuti, "Pepani anti, ndimayesa mwamaliza." Madzulo ake anabwera ndi soketi ya mabowo ambiri imene anapanga yekha, ndipo mpaka lero ikugwira ntchito. Ine ndine Asiyatu, telala, ndipo kupepesa kwa munthu wa nkhope youma sikundigwira mtima, koma soketiyo ndinalandira.

Juliana anakulira kumunsi kwa phiri la Zomba, m'banja la alimi a nandolo ndi chinangwa amene makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale. Kwawo ankafuna adzakhale namwino, koma iye akaona magazi amachita chizungulire, pomwe akaona wailesi yakufa manja amamuyabwa. Sekondale anaphunzira ku Masongola, kenako anapita ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta, n'kulembedwa ntchito pa kampani ina yoika mafoni m'maofesi. Kampaniyo inatsekedwa nthawi ya Kovidi, iye n'kubwerera kwawo ndi chikwama cha zovala ndi makatoni a mawaya. Ndi wamng'ono thupi, salankhula zambiri, ndipo akavala mahedifoni ake aakulu aja mukhoza kumupatsa moni mpaka kutopa. Kompyuta amailankhula ngati mbuzi yolowa m'munda: "Iwe, wayambanso? Tiona." Amayi a mumsika ankamuseka kuti mtsikana wamkulu chonchi wakwatiwa ndi bokosi. Nthawi imeneyo zinali zoseka chabe.

Makasitomala ake okhazikika anali alonda a moto a paphiri. Awa ndi amuna amene bungwe la ocheka matabwa limawalemba m'chilimwe kuti azikhala pa nsanja ndi m'tinjira ta m'nkhalango ya paini, maso ali pa utsi. Mafoni awo ankagwa pamiyala kawirikawiri, ndiye Loweruka lililonse wina ankatsika nayo yosweka. Wapampando wawo, a Herbert Chikopa, bambo a mawu ngati a kondakitala wa minibasi, ndi amene anadandaula tsiku lina ali pabenchi langa. Anati munthu akaona utsi amayamba kuimbira anzake mmodzimmodzi, ndipo pofika kwa womaliza moto umakhala utawoloka kale msewu.

"Nanga mutamalankhulana nonse pakamodzi?" anafunsa Juliana ali m'chipinda, osatukula mutu.

"Zimenezo n'za m'maofesi, achemwali."

"Ndipatseni nthawi."

Anatenga pulogalamu yaulere imene anthu ena anailemba kale yoyendetsera mafoni pa intaneti, imene iye ankaitchula kuti laibulale ngakhale munalibe buku, n'kuwonjezerapo mizere yakeyake. Anaiika m'kompyuta yakale pansi pa tebulo, n'kuilumikiza ku batire ya sola kuti isamazime magetsi akathima. Mmene anandifotokozera, mlonda aliyense akaimba, kompyuta imamupatsa kamalo kake m'memore, mmene imasungamo zinthu kwa kanthawi ikadali yoyaka. Mawu ake amayamba agwera m'kamaloko, kenako pulogalamu imatapa m'timalo tonse, kusakaniza, n'kutumiza kwa aliyense. Timaloto anatikuza dala chifukwa netiweki ya paphiri imadukaduka.

Ulendo woyamba zinakanika mochititsa manyazi. Paphiri pamawomba mphepo, ndipo mphepo ya m'mafoni onse itasakanikirana, m'sipika munkangomveka ngati chigayo. Juliana anatha masiku ali ndwii, osadya zenizeni, mpaka analemba lamulo limodzi lalifupi: pulogalamu izidutsitsa mawu amphamvu okha, ofooka azidikira. Chigayo chija chinatheratu. Tsiku limenelo ndinamuona akuseka mpaka mano akumbuyo, ndipo anandigulira chipisi ndisanamupemphe.

Alonda anaikonda foni ya gulu ija. M'mawa ndi masana a Herbert ankaitana mayina, aliyense n'kuyankha kumene ali ndi kuti utsi ulipo kapena ayi. Akamaliza, sankadula. Ankayamba za mpira, za kukwera mtengo kwa feteleza, za amene wagwa panjinga atanyamula nkhuni. Juliana ankakonda kuyatsa sipika kuti azimva ngati zikuyenda, ndiye ine ndinkamva zonse ndili pamakina. Amuna amenewo sadziwa kusinthana polankhula. Onse amalankhulira pamodzi, ndipo wopambana ndi wokuwa kwambiri.

Mmodzi yekha ndi amene sankakuwa: a Dunstan Likaka. Anali achikulire pa onse, aatali, a mawu apansipansi. Akabweretsa buluku kuti ndiike chigamba pabondo, ankaima kunja kwa khonde mpaka nditamaliza kulankhula ndi kasitomala wina, ngakhale mvula ikuwaza. Zinkanditopetsa, chifukwa ine ndimafuna munthu anene chimene wabwerera. Akazi awo, mayi Benedicta, amagulitsa masitobere ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera phiri. Juliana atakwera kukayesa malo amene netiweki imagwira, a Likaka ndi amene anamuperekeza m'tinjira tsiku lonse atamunyamulira chikwama. Anamuonetsa zigwa zimene foni imafa, ndi kamlatho ka matabwa pa mtsinje wa Mulunguzi pamene imagwira bwino ngakhale ndi pansi. Juliana anabwerako mapazi atatupa, ali ndi kambale ka masitobere kamene mayi Benedicta anamukakamiza kulandira. Anandiuza kuti tsiku lonselo bambowo sanamudule mawu ngakhale pamene ankafotokoza zinthu zimene iwo sankazimva.

Tsiku lina mu Okutobala a Likaka sanabwerere kunyumba. Pa mayina a m'mawa anayankhira kumtunda, pa nsanja yawo. Masana sanayankhe, koma anzawo anangoti ndi netiweki monga mwa masiku onse. Pofunafuna, onse analowera kumtunda komweko. Anawapeza mawa lake dzuwa litapendeka, kutali kumunsi, m'mbali mwa Mulunguzi. Mtengo wa paini wouma, umene moto wa chaka chatha unaudya kutsinde, unawagwera pamiyendo. Foni inali pafupi ndi dzanja lawo, batire itatha. Anthu anati mwina anatsikira kumeneko atakayikira utsi, ndipo onse anagwirizana kuti anafera pomwepo mtengo utangogwa. Mawu amenewo ndi amene anatonthoza mayi Benedicta pamaliro.

Atawaika, kumeta kunachedwa chifukwa achimwene awo aku Mozambiki anali asanafike. A Herbert analamula kuti dzina la a Likaka lisachotsedwe pagulu mpaka abale atameta, ndipo pofika pa dzinalo aliyense aziphimba foni yake ndi dzanja, akhale chete pang'ono. Juliana anandiuza kuti pa sikirini dzina lawo likuonekabe lowala ngati munthu ali pafoni. Anati foni ikazima mwadzidzidzi, mwini wake osadula, zimatero. Akanatha kulichotsa ndi chala chimodzi, koma ndani angafufute dzina la malemu abale asanamete? Analisiya.

M'mawa umene alonda anabwerera paphiri, sipika inali yoyatsa. Ine ndinkadula chitenje cha kasitomala. A Herbert anaitana mayina, amuna n'kumayankha motsitsa mawu kusiyana ndi masiku onse. Kenako anati, "A Dunstan Likaka." Kunati zii. Chiikireni foni ya gulu ija ndinali ndisanamvepo bata lotero m'sipika imeneyo.

"Anzanga..."

Sizasi inapulumuka m'manja mwanga n'kugwera pafupi ndi phazi. Anali mawu awo, apansipansi aja, osasintha ngakhale pang'ono. M'sipika munabuka chisokonezo: wina akukuwa "Mayo ine!", wina akuitana Yesu, wina akuthamanga foni ili m'manja, ali wefuwefu. Mawu aja sanamvekenso. Ndinasuzumira m'chipinda n'kupeza Juliana ali chiimire, kukamwa kuli yasa, chitsulo chake chowotcherera mawaya chikupsereza tebulo iye osaona. Ine mantha amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo chibadwire.

Masana a Herbert analimba mtima n'kuitananso mayina, kuti mwina makutu anawanamiza. Zinachitika chimodzimodzi: "Anzanga," kenako kukuwa. Kuyambira pamenepo palibe mlonda anaimbanso, chonsecho inali nyengo imene udzu wa paphiri umayaka ndi kandudu kamodzi.

Nkhani inafika mumsika dzuwa lisanalowe, ndipo pofika mawa lake inali itakula kuposa mwini wake. Ankati mtsikana uja wawasandutsa a Likaka ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azigwirira ntchito wina mobisa, ndipo wawatsekera m'bokosi kuti bizinesi iziyenda. Amayi omwe aja ankaseka za kukwatiwa ndi bokosi anayamba kukumbutsana kuti amalankhula nalo, kuti silizima usana ndi usiku, ndiponso kuti anamuona akuyenda ndi a Likaka m'nkhalango. Makasitomala anabwera kudzatenga mafoni awo osakonzedwa. Mayi wina anadzalanda nsalu yake pamakina anga nditaisoka theka, ati sangavale chosokedwa pakhonde limenelo. Ndinamupatsa nsaluyo pamodzi ndi mawu oti akayendere, koma atachoka mtima unandigwa. Mwini nyumba anatuma uthenga kuti Juliana ayambe kufuna malo ena.

A Herbert anabwera okha, chipewa chili m'manja. Sanakhale pabenchi.

"Achemwali, ine za ndondocha sindizikhulupirira," anatero, "koma mawu ndawamva ndi makutu angawa. Anzanga aja akuti abale akangometa akubwera kuno kudzatenga bokosilo akaliwotche, ndipo ine kaya ngati adzalekere pa bokosi pomwepo. Zimitsani chinthuchi basi. Tinene kuti zatha."

"Sindizimitsa," anatero Juliana.

"Aaa! Mukumva zimene ndikunenazi koma?"

"Ndikumva, bambo. Koma zimene zili m'memore zimafufutika kompyuta ikazima. Ndikazimitsa lero, sindidzadziwa chimene chinachitika, ndipo inu mudzakhala mukuganiza mpaka kalekale kuti ndinabisa."

A Herbert anapukusa mutu n'kumapita. Ine ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti kukana kuzimitsako ndi kumene kukumumaliza, kuti mumsika akuti akuopa kuti ndondocha yake ifa. Anandiyankha kuti, "Anti, muli cholakwika m'mizere yanga. Ndichipeza." Kenako anavala mahedifoni.

Masiku otsatira sanakonze foni ya munthu, ndipo panalibenso woibweretsa. Anayamba ndi kufufuza ngati wina anajambula mawu a malemu n'kumawaseweretsa mwachipongwe, koma pa nthawi imene mawuwo anamveka palibe chimene chinalowa kuchokera kunja pa dzina limenelo. Anafufuza ngati kompyuta inasunga fayilo ya mawu penapake, osapeza. Anawerenga mizere yake kuyambira kumutu mpaka kumapeto, chala chili pa sikirini, milomo ikuyenda ngati akupemphera korona. Analembera anthu a maiko ena amene amagwiritsa ntchito laibulale yomweyo. Wina anamuyankha kuti awerenge malangizo, wina anamufunsa ngati vutolo angathe kulibwereza yekha pamene wafunira. Apo ndi pamene panali povuta. Ankatenga mafoni ake awiri akale, kuimba nawo ku gulu, kuwaika patebulo, n'kukhala chete. Palibe chinkamveka. Anayesa m'mawa, anayesa masana pa nthawi ya mayina, anafika potchula dzina lawo mokweza ngati a Herbert, ine n'kumumva ndili pakhonde thupi lonse lili tsembwe. Palibe chinatuluka, ndipo tinamva kuti aku Mozambiki aja afika.

Lachisanu masana ndinkathamangitsa yunifolomu ya sukulu, ntchito yokhayo imene inanditsalira, pamene Juliana anatulukira pakhomo maso ali psuu.

"Anti, imitsani makina."

"Iwe, wandithamangitsira makasitomala, ndiye ukufuna undiletsenso kusoka?"

"Chonde. Ine ndikakhala chete, makina anuwa sakhala chete. Mafoni akutola phokoso lanu. Alonda aja anaphimba mafoni ndi manja."

Ndinachotsa phazi pachopondera. Anatenga mafoni awiri aja, kuwakulunga m'zidutswa za nsalu za m'dengu langa, n'kuwakwirira pansi penipeni. Anabwerera patebulo n'kuvala mahedifoni. Ine ndinaima pakhomo.

Ndinaona nkhope yake ikusintha. Poyamba anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza singano imene inagwa. Kenako maso anatong'oka. Anagwira mahedifoni ndi manja onse awiri n'kuwapanikiza kumakutu. Atawavula anatsetsereka pampando n'kukhala pasimenti, miyendo ili tambalala.

"Wapeza?" ndinafunsa.

"Ndapeza." Mawu ake anali ngati a munthu wina. "Foni yawo itazima, kamalo kawo sikanatsekedwe. Mawu omaliza amene analowamo akadali momwemo, ngati ulusi wotsala pabobini. Lamulo langa lija limadutsitsa amphamvu okha. Onse akakhala chete, amphamvu amakhala iwowo, ndiye pulogalamu imayamba kutapa m'kamalo kawo. Wina akangokuwa, imawadulanso."

"Ndiye si ndondocha! Iii, Mulungu ndi wamkulu. Nanga ukuliranji?"

Anandipatsa mahedifoni.

Sindinafune, koma ndinavala. Kunali kamphepo ndi madzi oyenda pamiyala. Kenako a Likaka, akupuma movutika, mawu ali pansi kuposa kale.

"Anzanga... a Herbert... ndili kumunsi kuno ku Mulunguzi, pa kamlatho ka matabwa. Mtengo wandipana miyendo. Mukundimva kodi?" Anapuma. "Chabwino. Mukamaliza za mpirazo mundiyankhe. Ndikudikira."

Kenako zinayambiranso: "Anzanga..."

Ndinavula mahedifoni n'kuwaponya patebulo ngati akuwotcha. Sanafere pomwepo ayi. Anaimba masana aja, mayina atatha, anzawo atayamba kale kukangana za penate ya dzulo lake. Iwo ankawamva anzawo bwinobwino. Anzawowo ndi amene sankawamva, chifukwa pulogalamu inkaona mawu awo ofookawo n'kuwaika pamodzi ndi mphepo. Ndinakhala pansi pafupi ndi Juliana. Kunja anthu ankangodutsa ndi matumba awo a kumsika.

Nzeru zitabwerera ndinamupatsa malangizo anga, ndipo sindichita nawo manyazi. Ndinamuuza kuti aitane a Herbert, awaonetse za nsalu ndi bata, awamvetsere liwu loyamba lokha, iye akhosomole dala pafoni kuti adule otsalawo, kenako akonze n'kuzimitsa. Dzina lake liyera, mayi Benedicta apitiriza kukhulupirira kuti amuna awo sanavutike, alonda abwerera paphiri. "Ukawamvetsera zonse," ndinatero, "uchoka pa ufiti n'kugwera pa kupha munthu. Amuna amenewo sangavomere kuti vuto ndi pakamwa pawo. Aloza iwe."

"Lamulo ndinalemba ndine, anti."

"Unalembera mphepo!"

"Eya. Koma sindinaganize za munthu wopanda mphamvu zokuwira." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinawadula kale. Sindiwadulanso."

Ndinamutcha wouma mutu, ndinamutcha zina. Iye anadzuka, kutulutsa mafoni aja m'dengu, n'kupinda zidutswa zanga bwinobwino.

Abale atameta, mawa lake anthu anabwera. Alonda analipo pafupifupi onse, ena atanyamula zikwanje zawo za kuntchito, ndipo kumbuyo kwawo kunali khamu la mumsika lofuna kuonerera. Chimene sitinayembekezere n'chakuti mayi Benedicta nawonso anabwera, atavala zakuda, mpango uli pamutu wometa, alamu awo atawagwira mkono. Anamva kuti amuna awo ali m'bokosi, ndipo anakana kutsala kunyumba. Ndinawapatsa mpando wanga wosokera.

Juliana anatulutsa sipika n'kuiika pakhonde. Anafotokoza za timalo ta m'memore, za foni yozima mwini wake osadula, za lamulo la mawu amphamvu. Mlonda wina wa chikwanje anakuwa kuti zimenezo n'zachizungu zophimbira ufiti, ndipo khamu linavomereza.

"Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha," anatero Juliana. "Mawu akayamba, pasapezeke wokuwa. Mwakhala mukumva liwu loyamba lokha chifukwa mumawadula ndinu. A Herbert, imbani ku gulu, muphimbe foni."

A Herbert anaimba. Anaphimba foni ndi chikhatho chawo chachikulu, n'kuyang'ana anzawo mmodzimmodzi mpaka onse anatseka pakamwa. Ngakhale a mumsika anakhala chete.

Mawu anabwera, onse, mpaka pa "Ndikudikira."

Sindinaonepo amuna akuluakulu akuuma chotero. Chikwanje china chinagwa pasimenti, mwini wake osachitola. Mlonda amene anakuwa uja anagwira mutu ndi manja awiri n'kukhala pansi m'fumbi. A Herbert nkhope inachita kutuwa, pakuti dzina lotchulidwa linali lawo, ndipo aliyense ankadziwa amene amakuwa kwambiri pa nkhani za mpira. Mawu anayambiranso, ndipo palibe anayerekeza kuwadula.

Mayi Benedicta anamvetsera mpaka kumapeto, n'kumvetseranso, manja ali pamiyendo. Ndinkayembekezera kuti akomoka kapena ayamba kubuma, koma anatembenukira kwa Juliana.

"Mwananga, iwo ankawamva anzawowa?"

"Ankawamva, mayi."

"Awa osawamva iwo?"

"Osawamva. Ndine ndinalemba kuti wa mawu ofooka azidikira. Ndinkathamangitsa mphepo. Ndikanaisiya mphepoyo, bwenzi atawamva." Atatero anagwada pasimenti patsogolo pawo.

Ndinasendera pafupi, chifukwa ndinamva ena akuyamba kung'ung'udza, ndipo mumtima ndinali nditatola kale ayironi. Koma mayiwo sanamuyang'anenso Juliana. Anayang'ana alonda.

"Mtsikanayu asakhudzidwe," anatero. "Akanazimitsa bokosili mmene munkamuuziramo, nonsenu bwenzi mukugona tulo tabwino, ine ndikukhulupirira bodza." Anakonza mpango. "Bambo aja kunyumba kwanga sanadulepo munthu mawu. Apa akuti akudikira. Za mpirazo mwamaliza?"

Anawayang'ana mmodzimmodzi n'kupitiriza:

"Ngati mwamaliza, ayankheni."

A Herbert anayang'ana foni ili m'manja mwawo ngati sakuidziwa. Anachotsa chikhatho pang'onopang'ono n'kuiyandikiza kukamwa. Munthu wa mawu a kondakitala uja analankhula modukaduka. "A Likaka... ndine Herbert. Takumvani, achimwene. Takumvani." Atangolankhula, mawu a m'sipika anaduka, monga mwa lamulo lija. A Herbert analira mokweza, ndipo khonde lonse linawatsatira, ngakhale ine ndemwe.

"Tsopano zimitsa, mwananga," anatero mayi Benedicta. Juliana anafunsa ngati akufuna awajambulire kaye mawuwo pafoni. Anakana. Anati zimene amvazo sizidzachoka m'makutu mwawo, foni n'njosafunika. Juliana analowa m'chipinda, kugwada pansi pa tebulo, n'kuzimitsa kompyuta imene inali isanazimepo chiyatsireni.

Mpaka lero Juliana akadali m'chipinda chomwecho. Mwini nyumba anaiwala uthenga wake, ndipo makasitomala anabwerera, ngakhale alipo ena mumsika amene mpaka lero amalambalala khonde lathu. Lamulo lija analifufuta sabata yomweyo. Analemba lina lochepetsa mphepo popanda kutsekera munthu, ndipo tsopano foni ikazima mwini wake osadula, kamalo kake kamatsekedwa n'kupukutidwa, a Herbert n'kulandira uthenga nthawi yomweyo. Sizimveka bwino ngati kale. Chigayo chija chinabwerera pang'ono, koma palibe amadandaula. Kuseka kwa mano akumbuyo kuja sindinakuonenso.

Alonda amaitanabe mayina m'mawa ndi masana. Akamaliza, a Herbert amafunsa kuti, "Alipo wina?" ndipo onse amaphimba mafoni. Nthawi imeneyo Juliana amasiya chilichonse chimene wagwira, ndipo ine ndimachotsa phazi pachopondera mpaka atayamba za mpira.